Mabuku awiri, nkhondo imodzi: wonama ndani?

Chisomo: Moni nonse pa gulu. Ndili chaka chachiwiri, ndikuphunzira mbiri ndi ndale. Atipatsa asayimenti yofotokoza zomwe zinayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1914, ndiye pa mabuku omwe atiuza kuti tiwerenge pali awiri omwe andizunguza mutu. La Fritz Fischer likuloza chala Germany, ati atsogoleri ake ankaifuna nkhondoyo ndipo anali ndi zolinga zofutukula ulamuliro wawo. La Christopher Clark, The Sleepwalkers, likuti mayiko onse akuluakulu analowamo ngati anthu oyenda ali m'tulo, palibe mmodzi woti n'kumusenzetsa mlandu wonse. Onse ndi mapulofesa, mabuku onse ndi ochindikala ngati njerwa. Ndiye wonama ndani? Komanso la Clark ndangofika tsamba 90, kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Thandizeni ndisanayambe kulira.

Tsokonombwe: Ingolembani zomwe lekichara wanu amakonda kumva. Enafe tinawoloka choncho.

Dalitso: Achemwali, awa musawamvere. Vuto loyamba ndi momwe mukuwerengera. Buku lotere saliyamba pa tsamba 1 n'kumakwawa mpaka kumapeto ngati nthano. Werengani mawu oyamba modekha, mwina kawiri. Mukatero dumphirani ku mawu omaliza. Kenako mutu uliwonse muwerenge ndime ziwiri zoyambirira ndi ziwiri zomalizira. Pofika apo mukhala mutadziwa zomwe wolembayo akulimbikira, ndipo mudzasankha nokha mitu iwiri kapena itatu yoyenera kuiwerenga yonse. Kumbuyo kuli indekisi, sanaiikeko kuti ikongoletse buku. Ine ndinataya teremu yathunthu ndikuwerenga mzere ndi mzere, pamapeto pake ndimakumbukira masiku ndi mayina koma nditafunsidwa kuti bukulo likuti chiyani, ndimangoti kukamwa yasa.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Chisomo, pakati pa awiriwa palibe wonama. Tayambani mwaona chaka chomwe buku lililonse linatuluka. La Fischer ndi la 1961, la Clark ndi la 2012. Papita zaka 51 pakati pawo, ndipo aliyense ankayankha anthu ena.

Nkhondo itatha, pangano la ku Versailles la 1919, pa ndime 231, linaika udindo wa zowonongeka pa Germany ndi anzake. Ajeremani zinawawawa, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri awo ankatsutsa zimenezi. Pofika m'ma 1950 ambiri anali atagwirizana zoti mayiko onse anangotererekera m'nkhondo. Fischer, yemwe ankaphunzitsa ku Hamburg, anakafukula makalata a boma n'kupezamo chikalata cha pa 9 September 1914, chochokera mu ofesi ya chansela (mkulu wa boma la Germany) Bethmann Hollweg, chondandalika zomwe Germany ikufuna kupindula ikapambana: kufooketsa France, kugwira Belgium m'manja, ndi kulamulira chuma cha pakati pa Ulaya. Bukulo litatuluka kunali fumbi. Akatswiri akuluakulu a mbiri ngati Gerhard Ritter anamuukira koopsa, chifukwa ngati Fischer ankanena zoona, ndiye kuti dyera la Hitler silinali ngozi yongogwa kumwamba, linali ndi mizu.

Clark anasintha funso. Iye safunsa kuti wolakwa ndani, amafunsa kuti zinayenda bwanji kuti anthu a m'malikulu osiyanasiyana afike pamene anafikapo. N'chifukwa chake buku lake siliyambira ku Berlin, likuyambira ku Belgrade mu 1903, usiku womwe asilikali anapha mfumu ndi mfumukazi ya Serbia. Pomwe munthu wayambira nkhani pamakuuzani kale komwe akupita.

Tsono aliyense ali ndi pomwe amagwidwa. Otsutsa Fischer amati chikalata chake chinalembedwa nkhondo itayamba kale, ndiye chingasonyeze bwanji zomwe ankafuna isanayambe? Otsutsa Clark amati akupeputsa lonjezo lomwe Berlin inapereka kwa Austria-Hungary pa 5 ndi 6 July 1914, loti ichite zomwe ikufuna ndi Serbia, Germany ili pambuyo pake. Asayimenti yanu ili pamenepo. Lekichara sakufuna kuti musankhe timu yochemerera, akufuna kuona ngati mwazindikira kuti mkangano wagona pati.

Chisomo: Zikomo kwambiri bambo. Ine ndimaona ngati buku la kusukulu ndi thumba la mfundo zoona, ungopisamo dzanja n'kutulutsa.

Aphunzitsi Opuma: Mabuku a ku sekondale amalembedwa choncho, ndipo ali ndi ntchito yake. Koma buku la katswiri ndi munthu woimirira pa bwalo akuyankha mnzake. Mukalitsegula, dzifunseni kuti akukangana ndi ndani. Nthawi zambiri amamutchula dzina m'mawu oyamba momwemo. E. H. Carr analangiza zomwezi mu 1961, kuti uyambe wamudziwa wolemba mbiriyo usanameze zomwe walemba.

Kambalame: Ndiye mwavomereza nokha. Mbiri ndi maganizo a munthu basi, ndipo amalemba ndi wopambana. Tayang'anani mayina mwatchulawa, onse ndi azungu. Mu 1963 pulofesa wa ku Oxford, Hugh Trevor-Roper, ananena poyera kuti Africa ilibe mbiri yoti n'kuphunzitsa, kupatula mbiri ya azungu omwe anabwera kuno, zotsalazo ndi mdima. Ameneyo anali katswiri wamkulu wa mabuku omwe mukuwatamandawa. Ine mabuku amenewa ndinasiya kuwakhulupirira.

Dalitso: Achimwene, zoti ananenadi choncho n'zoona. Koma anagonja bwanji? Sanagonje chifukwa choti anthu anakwiya. Anagonja chifukwa ena anabweretsa umboni. Kenneth Dike wa ku Nigeria anali atatulutsa kale buku lake la malonda ndi ndale za ku Niger Delta mu 1956. Jan Vansina mu 1961 anasonyeza njira yoyezera mbiri yapakamwa, momwe ungasiyanitsire zomwe zasungidwa mokhulupirika ndi zomwe wofotokoza wawonjezera kuti asangalatse mfumu. Mu 1964 UNESCO inayamba ntchito ya General History of Africa, yomwe poyamba inatulutsa mabuku asanu ndi atatu, ndipo akonzi ake anali anthu ngati Joseph Ki-Zerbo, Adu Boahen ndi Ali Mazrui. Walter Rodney wa ku Guyana analemba How Europe Underdeveloped Africa mu 1972 akuphunzitsa ku Dar es Salaam. Onsewa anagwiritsa ntchito zida zomwezo mukuzikanazi. Mukati zonse ndi maganizo chabe, ndiye kuti Trevor-Roper ndi Dike ndi ofanana. Mukuvomera zimenezo?

Kambalame: Ayi sindikuvomera. Koma umboniwo amasunga ndani? Si boma lomwelo linkapondereza anthu?

Aphunzitsi Opuma: Apa ndiye mwafunsa funso la nzeru, ndipo ndikupatsani chitsanzo chokuikirani kumbuyo inuyo. Nkhondo ya Mau Mau ku Kenya, nthawi ya malamulo a dzidzidzi kuyambira 1952 mpaka 1960. Mu 2005 kunatuluka mabuku awiri. David Anderson anafukula mafayilo a m'makhoti n'kuwerenga anthu 1,090 omwe ananyongedwa ndi boma la atsamunda. Caroline Elkins anadalira kwambiri kucheza ndi anthu omwe anapulumuka m'misasa, chifukwa mapepala ambiri sankaoneka. Ena anamunyoza kuti wamanga buku pa zokamba za nkhalamba. Patapita zaka, nkhalamba zina za ku Kenya zinasumira boma la Britain ku London, ndipo mu 2011 boma linavomera kuti linali ndi mafayilo zikwizikwi ochokera m'mayiko omwe linkalamulira, osungidwa mwachinsinsi ku Hanslope Park ku England. Zinadziwikanso kuti ena ambiri anatenthedwa atsamunda akuchoka. Mafayilo otsalawo anatsimikizira nkhanza zomwe nkhalamba zija zinkanena. Mu 2013 boma linavomera kulipira anthu 5,228 ndalama zomwe, pamodzi ndi zolipirira mlandu, zinakwana mapaundi 19.9 miliyoni.

Ndiye inde, wosunga mapepala amabisa. Koma taonani kuti onse awiri, Anderson ndi Elkins, anali mboni za ukatswiri pa mlanduwo. Ndipo pomwe Elkins anapitirira muyeso, pa chiwerengero cha omwe anafa, anagwidwanso ndi anzake: katswiri wa chiwerengero cha anthu John Blacker anaunikanso kalembera mu 2007 n'kupeza pafupifupi 50,000, chiwerengero chotsika kwambiri poyerekeza ndi chomwe bukulo linkasonyeza. Buku la Elkins lomwelo linapata mphotho ya Pulitzer, linali lolondola pa nkhanza, lofooka pa masamu. Zonsezi zimatheka m'buku limodzi.

Kambalame: Za Hanslope Park sindimazidziwa. Komabe ndikuti omwe mafayilo awo anapsa alibe wowalankhulira.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo sindikutsutsani.

Mayi a Laibulale: Ndakhala ndikuwerenga chete, koma ndiloleni ndiponyepo langa, poti ophunzira ndimawaona tsiku ndi tsiku. Gawo la buku lomwe salikhudza ndi timawu tating'onoting'ono ta m'munsi mwa tsamba kapena kumapeto, tonena komwe mfundo yachokera. Mabuku amabwerera masamba a kutsogolo atada bii, akumbuyo ali oyera ngati angotuluka kumene kosindikiza. Chonsecho nyama ili komweko.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi ichi. Kwa zaka zambiri mabuku ankati akapolo omwe anawolotsedwa nyanja ya Atlantic anali 15 miliyoni. Aliyense ankalemba choncho n'kutchula buku la mnzake. Philip Curtin, pokonza buku lake la 1969, anayamba kulondola mapazi: uyu anatenga kwa uyu, uyo kwa uyo, mpaka anakafika kwa munthu wina wa ku America wa m'ma 1860 yemwe anangoyerekeza, osawerenga chilichonse. Zaka zana akatswiri akupatsirana nambala yopanda tsinde. Curtin atawerenga yekha anapeza pafupifupi 9.5 miliyoni omwe anakafika kutsidya. Joseph Inikori wa ku Nigeria anamutsutsa mu 1976 kuti wachepetsa. Mkanganowo unakankha anthu kusonkhanitsa zolembedwa za zombo chimodzichimodzi, ndipo lero nkhokwe ya SlaveVoyages ili ndi maulendo oposa 36,000. Chiwerengero chomwe ambiri akugwiritsa ntchito tsopano ndi pafupifupi 12.5 miliyoni omwe anakwezedwa m'zombo ndi 10.7 miliyoni omwe anatsika amoyo. Chotsani nambala yachiwiri pa yoyamba, muone kuchuluka kwa omwe anathera panyanja.

Ndiye mwana wanga, mukapeza mfundo yomwe buku lonse latsamirapo, pitani mukaone kanambala kake. Kakakulozerani ku kalata, lipoti kapena kaundula, pali poyambira. Kakakulozerani ku buku lina, lomwenso likuloza buku lina, chenjerani.

Tsokonombwe: Mayi, timalemba timeneto timapweteka maso.

Mayi a Laibulale: Magalasi alipo, bambo.

Tadala: Ine ndili ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu, si mbiri. Kwathu kuno mabuku ake ndi odzaza ndi manambala ndi matebulo, ndiye ndimaona ngati mkangano woterewu kulibe. Nambala ndi nambala.

Dalitso: Kuli, ndipo ndi woopsa kuposa kwathu chifukwa nambala imaoneka yosalakwa. Tengani Émile Durkheim, buku lake la 1897 la za kudzipha. Anaona m'kaundula wa maboma kuti m'madera a Chipulotesitanti anthu odzipha ankachuluka kuposa m'madera a Chikatolika, ndipo anati chifukwa chake ndi kulimba kwa mgwirizano pakati pa anthu. Mfundo yamphamvu, mpaka lero imaphunzitsidwa. Koma obwera pambuyo anafunsa kuti: amalemba m'kaundulamo ndani? Kumene kudzipha kuli chamanyazi chachikulu, banja ndi dokotala angathe kulemba kuti inali ngozi. Ndiye mwina tebulo likuyeza kalembedwe ka imfa, osati imfazo. Funso lake ndi lomwelo la Mayi a Laibulale: nambalayi inabadwa bwanji?

Tadala: Eee, ndiye palibe pothawira.

Wandale: Ku ndale n'chimodzimodzi. Why Nations Fail la Daron Acemoglu ndi James Robinson, la 2012, limayamba ndi tauni ya Nogales yomwe mpanda wa malire unaidula pakati, mbali ina ku Arizona, ina ku Mexico. Nyengo ndi imodzi, anthu ndi amodzi, koma chuma n'chosiyana, ndiye iwo amati chomwe chimalemeretsa dziko ndi malamulo ndi kayendetsedwe ka boma. Jeffrey Sachs anawayankha kuti anyalanyaza malo, matenda ndi kutalikirana ndi nyanja. Acemoglu ndi Robinson limodzi ndi Simon Johnson analandira mphotho ya Nobel mu 2024, koma mkanganowo sunathe ndi mphothoyo. Chomwe ndinaphunzira ine n'chakuti buku lofotokoza dziko lonse ndi chifukwa chimodzi limakoma kuwerenga, koma uzikaona mutu womwe ukukamba za dziko lomwe ukulidziwa bwino. Pamenepo m'pomwe umaona ngati wolemba anafikako kapena anangodutsa pa ndege.

Chisomo: Nanga ndingadziwe bwanji zomwe akatswiri ena ananena za buku, popanda kukhala ndi Aphunzitsi pafupi?

Mayi a Laibulale: Magazini a akatswiri amakhala ndi ndemanga za mabuku, tsamba limodzi kapena awiri. Lembani dzina la buku pa JSTOR kapena Google Scholar, masamba a pa intaneti ofufuzirapo zolemba za akatswiri, muwerenge ndemanga zitatu. Yoyamba idzakuuzani zomwe bukulo likunena, yachiwiri pomwe likufooka, ndipo zitatuzo zikadandaula chinthu chimodzi, dziwani kuti chilipodi. Mphindi makumi atatu zokha. JSTOR ili ndi akaunti yaulere yolola kuwerenga nkhani zingapo pa intaneti. Komatu ndemanga ndi nyali yolowera m'buku, si buku. Ndawaona ophunzira akulemba asayimenti yonse kuchokera m'ndemanga, ndipo lekichara wodziwa ntchito amanunkhiza pa ndime yoyamba.

Yamikani: Pepani ndikhotetse pang'ono, koma n'zokhudzana. Nditamaliza digiri yachiwiri ndinalandira imelo yochokera ku kampani ina yakunja, ati aona kafukufuku wanga ndipo akufuna kumusindikiza ngati buku. Ndinasangalala mpaka kuuza abale onse. Ndinatumiza fayilo Lolemba, pofika sabata yotsatira buku linali litakonzeka. Palibe anandifunsa funso ngakhale limodzi. Litafika ndinapeza kuti cholakwika chomwe ndinachisiya pa tsamba 3, pomwe ndinalemba chaka molakwitsa, chili pomwepo, ndipo pachikuto anaikapo chithunzi cha mapiri a chipale chosakhudzana n'komwe ndi nkhani yanga. Choipitsitsa, nditafuna kutumiza mutu umodzi ku magazini ya akatswiri anandikanira, ati zinasindikizidwa kale. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti si chilichonse chokhala ndi chikuto cholimba ndi nambala ya ISBN chomwe chinaunikidwa.

Dalitso: Pepani achimwene. Kusiyana kwake kuli apa: kosindikiza kwenikweni, monga kwa mayunivesite, zolemba zimatumizidwa kwa akatswiri awiri kapena atatu omwe wolemba sawadziwa, amazing'amba, wolemba n'kukonzanso, ndipo zimatha chaka kapena kuposa. Mukatenga buku onani wosindikiza, onani ngati lili mu mndandanda wokhala ndi akonzi odziwika, ndipo werengani tsamba lothokoza. Wolemba yemwe anadutsa m'moto amathokoza omwe anamuwotcha.

Aphunzitsi Opuma: Kuunikidwako sikuti ndi katemera wa bodza. Mu 2000 ku America kunatuluka buku la mbiri ya mfuti, Arming America, linalandira mphotho yapamwamba ya Bancroft, koma anthu atayamba kulondola magwero ake anapeza kuti manambala ena sakugwirizana ndi zolembedwa zomwe linkatchula. Mu 2002 mphothoyo inalandidwa. Omwe analigwira ndi owerenga timawu tomwe a Tsokonombwe akuti timapweteka maso.

Tsokonombwe: Mwandipezerera lero.

Tadala: Ndiwonjezere chenjezo lina. Mnzanga anafunsa chida cha AI kuti chimupatse mabuku asanu a mutu wake. Chinamupatsa, mayina a olemba enieni, zaka, ngakhale masamba. Atapita kukawafuna, awiri mwa asanuwo kulibe, sanalembedwepo n'komwe. Mwayi wake anafufuza asanapereke.

Mayi a Laibulale: Oterowo amabwera pa tebulo langa sabata iliyonse atanyamula dzina la buku lomwe kulibe, n'kumandikwiyira ine. Musanalembe buku lililonse pa mndandanda wanu, lipezeni kaye pa WorldCat, mndandanda wa pa intaneti wa mabuku a m'malaibulale, kapena pa tsamba la wosindikiza. Ndipo poti ena adandaula ku inbox kuti mabukuwa sapezeka, dziwani kuti ambiri ndi aulere mwalamulo. DOAB ndi OAPEN ali ndi mabuku zikwizikwi ounikidwa bwino omwe mungatsitse ngati PDF. Mabuku a UNESCO omwe a Dalitso atchula aja ali pa tsamba la UNESCO. Bungwe la akatswiri ofufuza la CODESRIA la ku Dakar limaika zambiri zomwe limasindikiza poyera. Komanso lemberani wolembayo imelo mwaulemu. Ambiri amasangalala kuti pali wina akufuna kuwawerenga, amatumiza mutu womwe mukufuna.

Kambalame: Ndatsitsa la chisanu ndi chiwiri la UNESCO, la nthawi ya atsamunda 1880 mpaka 1935. Ndikufuna ndione ngati a Boahen nawonso alibe pomwe anakondera.

Dalitso: Mukapapeza mudzatiuze, ndi tsamba lake.

Chisomo: Ndabweranso patatha masiku anayi. Ndinachita monga munanenera. Nditadumphira ku mawu omaliza a Clark ndinamupeza akumutchula Fischer ndi dzina, ndinaseka ndekha mu laibulale mpaka anthu kunditembenukira. Masiku onse aja ndimakwawa pa tsamba 90 osadziwa kuti mkangano womwe ndimaufuna uli kumapeto. Ndawerenga ndemanga zitatu za buku lililonse, mitu itatu ya Clark ndi iwiri ya Fischer yonse yathunthu.

Aphunzitsi Opuma: Nanga chikalata cha September mwachita nacho chiyani?

Chisomo: Ndalemba kuti pachokha sichingatiuze zomwe Berlin inkaganiza mu July, poti chinabwera nkhondo ili mkati. Koma ndati lonjezo la pa 5 ndi 6 July ndi lolemera kuposa momwe Clark akulionetsera, chifukwa munthu woyenda ali m'tulo sauza mnzake kuti pita ukamenye, ndili pambuyo pako. Ndiye ndatsamira pang'ono kwa Fischer, koma pa umboni wina osati womwe iye anatchuka nawo. Sindikudziwa ngati lekichara agwirizane nazo.

Aphunzitsi Opuma: Sakuyenera kugwirizana nazo. Onetsetsani kuti pa mfundo ya July ija mwaika tsamba lenileni lomwe mwaitenga, m'mabuku onse awiri.

Tsokonombwe: Achemwali, mukamaliza munditumizireko ndemanga zitatu zija ku inbox. Ndikubwereza kosi yomweyo chaka chino.